Funsani za Njinga: Ndigule kompyuta ya GPS iti?

Mwezi uno makalata anu ambiri akuzungulira pa nkhani imodzi, timakompyuta ta GPS tomanga pa handulo tija. Ndasankhapo asanu, ena ndawadulako pang'ono chifukwa cha malo koma funso lenilenilo sindinalikhudze.

FUNSO: Akulu, ndakhala ndikupalasa njinga zaka zitatu ndipo ndili kale ndi lamba wa pachifuwa woyeza kugunda kwa mtima komanso kasensa ka pa pedulo kowerenga mmene miyendo ikuzungulira, zonse ndinagula kwa mnzanga amene anasiya kupalasa. Pano ndikufuna kompyuta ya GPS koma ndikuopa kugula chinthu choti sichigwirizana ndi masensa angawa. Pa lambayo panalembedwa ANT+ basi, pa kasensako zilembo zinafufutika. Nditani? Mng'ono wanu wopalasa m'mawa.

YANKHO: Achimwene mwayambira pabwino zedi. Ambiri amayamba ndi kusirira sikirini, agula, afika kunyumba, avala lamba nde kompyuta ili duu osaona kalikonse, mpamene amayamba kufunsa. Ine aliyense ndimamuuza chimodzimodzi, yalani kaye patebulo zimene muli nazo kale, kompyutayo ibwere kudzagwirizana ndi zimenezo, osati inu muyambenso kugula masensa ena chifukwa cha iyo.

Masensa a njinga amalankhula zilankhulo ziwiri, ANT+ ndi Bluetooth. ANT inapangidwa ndi kampani ya ku Canada yotchedwa Dynastream ndipo Garmin inagula kampaniyi mu 2006, nchifukwa chake zipangizo zakale za Garmin zimadalira kwambiri ANT+. Zonse ziwiri zimayenda pa 2.4 GHz koma khalidwe lake ndi losiyana. Sensa ya ANT+ ili ngati munthu wolankhula pa chinkuzamawu, aliyense amene ali pafupi akumva, kaya wotchi kaya kompyuta ya pa handulo kaya laputopu, zonse nthawi imodzi. Ya Bluetooth ili ngati kuyimba foni, ikagwirana ndi chipangizo chimodzi basi layini yatanganidwa, china chikafufuza sichiipeza nkomwe. Malamba ena atsopano anakonzako, Polar H10 mwachitsanzo imalola zipangizo ziwiri za Bluetooth pakamodzi, komabe masensa ambiri akadali a chimodzi chimodzi. Ndinaonapo munthu ataima pambali pa msewu mwina mphindi 20, wavula lamba, wanyowetsa, wavalanso, wachotsa batire wabwezera, kompyuta ikungofufuzabe, pomwe foni yake m'thumba inali itagwira kale lambayo mwakachetechete. Atangozimitsa Bluetooth pa foni, nambala ya mtima inatulukira pompo.

Tsono poti lamba wanu ndi wa ANT+ yokha, kompyuta imene mugule ikhale ndi ANT+, pamenepo palibe zokambirana. Ma Garmin Edge, ma Wahoo ELEMNT ndi Hammerhead Karoo a masiku ano amamva zonse ziwiri nde mulibe nkhawa. Pofunika kutsegula maso ndi pa timakompyuta totchipa kwambiri ndi takale. Pa katoni akalemba kuti Bluetooth sizitanthauza kuti imamva masensa a Bluetooth ayi, nthawi zina Bluetooth imeneyo ndi yongotumizira ulendo wanu ku foni basi. Edge 520 inali choncho, masensa inkawamva pa ANT+ pokha, kwa inu zili bwinobwino koma wina amene lamba wake ndi wa Bluetooth yokha akhoza kugwa nayo.

Kasensa kofufutikako kayeseni chonchi. Ikanimo batire latsopano, ambiri amagwiritsa ntchito CR2032 lija looneka ngati khobidi, kenako zunguzani pedulo kangapo chifukwa timasensa timeneti timagona tikakhala osagwedezeka, ndiye tsegulani app iliyonse ya zolimbitsa thupi pa foni mufufuze. Kakaoneka ndi ka Bluetooth. Kakapanda kuoneka mwina ndi ka ANT+ yokha, poti mafoni ambiri samva ANT+ ndipo iPhone simva nkomwe popanda kachipangizo kowonjezera. Lamba nayenso sadzuka ali patebulo, amafuna akhale pathupi ndipo malo awiri osalala a mkati aja anyowe ndi madzi kapena thukuta.

China, kumva chilankhulo ndi kwina, kumva nkhani zonse za m'chilankhulocho ndi kwinanso. Kompyuta itha kukhala ndi ANT+ nkumamva lamba ndi kasensa ka liwiro koma osadziwa power meter (kachipangizo koyeza mphamvu imene miyendo ikuika pa pedulo), osadziwa radar, osadziwa magiya amagetsi. Nde ganizani za zaka ziwiri zikubwerazi. Ngati mumapalasa mu msewu wa magalimoto ine ndinganene mosabisa kuti radar ndi chinthu chimene ndimachilemekeza kuposa zina zonse, Varia ya Garmin imaona galimoto yobwera kumbuyo ikadali pa mamita 140, kompyuta imalira ndipo m'mbali mwa sikirini mumatuluka kadontho kakukwera kukuyandikirani, magalimoto akakhala atatu timadontho titatu. Imagwiranso pa Wahoo ndi pa Karoo, sikuti mpaka Garmin yekha. Za magiya amagetsi nzimene zili ndi ndale zamakampani, SRAM itagula Hammerhead, mu 2022 Shimano inaletsa kuti Karoo izisonyeza za magiya ake amagetsi otchedwa Di2, kotero amene ali ndi Di2 afufuze bwino asanagule.

Mumvanso anthu akunena kuti ANT+ yatha. Chimene chinachitika nchakuti mu 2025 oyang'anira ANT+ anasiya ntchito yovomereza zipangizo zatsopano, koma lamba wanu sanafe ayi, apitiriza kugwira ntchito ngati kale. Kungoti tsiku limene mudzagule sensa yatsopano mudzatenge yolankhula zonse ziwiri.

FUNSO: Ine ndimakonda njira zafumbi ndi za m'nkhalango ndipo ndasocherapo kawiri ndili ndekha, ulendo wachiwiri kunja kunandidera ndili kutali. Amuna anga akuti ndigule kompyuta ya mapu, koma ndikaona zina akuti zili ndi mapu zina akuti navigation, sindikumvetsa kusiyana kwake. Komanso kumene ndimapitako netiweki kulibe, nde igwira bwanji? Mlongo wanu wa njinga ya m'mapiri.

YANKHO: Achemwali pepani ndi zimene zinakuchitikiranizo, kuderedwa uli wekha m'tchire si zinthu zocheza. Ndiyambe ndi la netiweki poti ndi losavuta. GPS sifuna netiweki ya foni ngakhale data. Kompyutayo imangomvetsera masatelayiti amene ali kumwamba pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ikamva anayi kapena kuposa imawerengera yokha pamene muli. Mapu nawo amakhala mkati mwa kompyutamo. Chimene chimafuna netiweki ndi zinthu monga LiveTrack ya Garmin yoti a kunyumba aziona pamene mwafika, imeneyo imadutsira pa foni nde netiweki ikasowa nayonso yaima. Muziwauzabe amuna anu njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera.

Tsopano mapu. Pali tina tongokuuzani liwiro, mtunda ndi nthawi, nkusunga kumene mwadutsa kuti mukaone pa foni, timeneto kwa inu ayi. Pali tina ngati Edge 130 timene timajambula kamzere kokha pa sikirini yopanda kanthu, inu ndinu kamuvi, ntchito yanu ndi kukhala pa kamzereko. Mu msewu wa tala zimakwana. Koma tangoganizani mwafika pamene njira yagawikana patatu ndipo ziwiri zikulowera mbali imodzi, kamzere sikakuuzani kuti ndi iti, mumangolowa imodzi, mupalase mamita 200 nde muone kamuvi kayamba kutalikirana ndi mzere, mubwerere. Kunja kukuda zimenezo zimatopetsa ndi kuopsa komwe. Inu mukufunika ya mapu enieni, yosonyeza njira zonse zitatuzo, mtsinje, ndi msewu waukulu umene uli pafupi, ndiponso yotha kukupezerani njira yobwerera yokha mukaphonya. Edge 530 kupita m'mwamba, Wahoo Bolt yachiwiri ndi Roam, Karoo, zonsezi zimatha.

Koma apa mvetserani bwino chifukwa ndi pamene ogulitsa sanena. Kompyuta sidziwa njira imene palibe munthu anaijambula. Mapu a makampani pafupifupi onsewa amachokera ku OpenStreetMap, ntchito imene Steve Coast anayambitsa ku UK mu 2004, ndipo amajambula ndi anthu wamba ongodzipereka. Kumene kuli ojambula ambiri ngakhale kanjira ka mapazi kalipo, kumene kulibe mupeza msewu waukulu umodzi kwinako kuli mbee. Nde musanatulutse ndalama tsegulani OpenStreetMap pa foni kapena pa laputopu, pitani pamalo pamene munasochera paja, yandikitsani muone ngati njira zanu zilipo. Zikakhalapo gulani ndi mtima umodzi. Zikapanda kukhalapo ngakhale mutagula yodula kwambiri muona zomwezo, chopanda kanthu chomwecho pa sikirini yokongola. Ubwino wake aliyense amaloledwa kuwonjezera, mukadutsa njira ndi GPS mutha kukaijambula nokha pa OpenStreetMap, patapita nthawi imadzalowa m'mapu a aliyense. Ine ndimachita zimenezi ndipo zimandisangalatsa ndikaganiza kuti wina amene sindidzamuona adzafika kwawo chifukwa cha kamzere kamene ndinajambula.

Onaninso kuti mapu a dera liti ali mkatimo. Ma Garmin amabwera ndi mapu a chigawo chimene anagulitsidwako, ikachokera kutali muyenera kuikamo a kwanu, pa Wahoo mumasankha mayiko mu app nkutsitsa pa wifi. Chitani zimenezi muli pakhomo osati m'mawa wa ulendo.

Njira yokonzeratu ndi imene ndimaidalira kuposa kuisiyira kompyuta kuti iganize yokha. Mumajambula ulendo pa ma app ngati Komoot, Strava kapena Ride with GPS, kapena mnzanu amene anadutsako akutumizirani fayilo ya GPX, nkuitumiza ku kompyuta. Ndinaphunzira tsiku lina nditaphonya pokhotera, kompyuta yanga mmalo mondibweza inandipezera njira ina yachidule, ndinatsetsereka nayo makilomita atatu bwinobwino mpaka ndinangopezeka ndaima pa mtsinje wodzaza, mlatho palibe, pa sikirini njira ikupitirira tsidya lina ngati palibe chilichonse. Amene anajambula mwina anawoloka nthawi yopanda madzi. Ndinakwera chitunda chonsecho kubwerera. Kuyambira pamenepo ndikakhala kutchire ndimaiuza kuti ndikaphonya ingondichenjeza, chochita ndisankhe ndekha ndikuona mapu. Ndipo dziwani pamene pali batani lobwerera poyambira potsata momwe munadzera, mulipeze ndi kuliyesa muli kufupi ndi kwanu, chifukwa njira imene mwadutsa kale ndi yokhayo imene mukudziwa kuti ikudutsika.

Za sikirini, Edge 540 ndi 840 mkati ndi pafupifupi chinthu chimodzi, kusiyana kwakukulu nkwakuti 540 ndi ya mabatani okha pomwe 840 ili ndi touchscreen kuwonjezera pa mabatani. Munthu wongotsata mzere mabatani amukwanira. Koma inu muzifuna kusuntha mapu kuti muone kumene njira iyi ikuthera, ndipo kusuntha mapu ndi mabatani kumatopetsa kwabasi. Touchscreen yokha nayo mvula ikagwa kapena mutavala magolovesi imachita zake, nde yokhala ndi zonse ziwiri ndi imene ndingakusankhireni.

Poti mumalowa m'nkhalango, yang'ananinso mawu oti multi-band. Kupatula GPS ya America pali GLONASS ya Russia, Galileo ya ku Ulaya ndi BeiDou ya China, ndipo kompyuta ya multi-band imamva satelayiti pa mafunde awiri, L1 ndi L5, nde pansi pa mitengo yowirira kapena m'chigwa chozama kamuvi kanu sikadumphadumpha kwambiri. Pa makompyuta ake a njinga Garmin anayamba kuika zimenezi pa Edge 1040 mu 2022. Zimadya batire koma kwa inu nzofunika.

FUNSO: Akulu zoona kompyuta imeneyi ndi yofunika? Foni yanga ili ndi GPS ndi mapu abwino kale, bwanji ndingoimanga pa handulo? Wongoyamba kumene.

YANKHO: Aise ngati mukungoyamba ndipo maulendo anu ndi a ola limodzi kapena awiri, foni ikukwanirani, tsegulani Strava ikani m'thumba muzipita, ndalamayo gulani kaye nyali ndi helimeti yabwino. Vuto limayamba mukaimanga pa handulo sikirini ili chiyakire. Padzuwa sioneka bwino nde mumakweza kuwala, imatentha, batire limatsika mukuona, ndipo tsiku limene mudzagwe chinthu choyamba kumenya pansi ndi chimene mumafuna kuyimbira thandizo. Kompyuta ya njinga sikirini yake imaoneka bwino dzuwa likamawala kwambiri, imakhala tsiku lonse, ndipo zambiri ndi za IPX7 kutanthauza kuti zimapirira kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Kumbukiraninso kuti mafoni ambiri amamva masensa a Bluetooth okha. Tsiku limene mudzabwere kunyumba foni itazima panjira, mudzadziwa nokha kuti nthawi yakwana.

FUNSO: Ine ndi mnzanga timapalasa limodzi njira imodzi koma tikafika yake imati takwera mamita ambiri kuposa yanga, ngakhale makilomita amasiyana pang'ono. Yonama ndi iti? Wokonda zitunda.

YANKHO: Achimwene mwina palibe yonama, zikungoyeza mosiyana. GPS imadziwa bwino pamene muli koma kutalika kwa pamalopo imaphonyako kwambiri, nchifukwa chake makompyuta abwino ali ndi barometer mkati, kachipangizo koyeza kulemera kwa mpweya, mukamakwera mpweya umapepuka iyo nkumawerengera. Ngati yanu ili nayo yake ilibe, manambala sadzafanana. Ngakhale zonse zikhale nayo, nyengo ikasintha muli panjira, mvula ikamabwera mwachitsanzo, mpweya umasintha kulemera ndipo kompyuta imaganiza kuti mwakwera pomwe muli pamalo athyathyathya. Tembenuzani kompyuta yanu, kumbuyo kapena pansi muona timabowo ting'onoting'ono, ndi momwe barometer imapumira. Matope kapena thukuta louma likatseka pamenepo manambala amapenga. Tsukani ndi madzi pang'ono, osabaya ndi singano, mudzaononga za mkati.

Makilomita nawo, GPS imalemba timadontho nkutilumikiza, nde pa njira yokhotakhota imadula makona. Mu zosintha za kompyuta sankhani kuti izilemba sekondi iliyonse. Koma chothetseratu ndi kasensa ka liwiro komanga pa habu ya tayala, kamawerenga kuzungulira kwenikweni ngakhale pansi pa mitengo. Kungoti kamafuna kudziwa kukula kwa tayala, la 700x25 amaliwerengera mamilimita 2105. Ine ndimayeza ndekha, valavu pansi, chizindikiro, kukankha njinga tayala lizungulire kamodzi valavu ibwerenso pansi, chizindikiro china, nkuyeza ndi tepi. Ndipo poti mumakonda zitunda, mudzakonda chimene Garmin amachitcha ClimbPro, Wahoo amati Summit, Hammerhead amati Climber, chimakuonetsani kuti chitunda chatsala mamita angati ndi pamene chakwera kwambiri, nde simuthera mphamvu zonse kumunsi.

FUNSO: Ndapeza wina akugulitsa yake yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndiyang'ane chani? Ndimapita maulendo a tsiku lathunthu. Mayi wa ana awiri.

YANKHO: Mayi, batire kaye. Manambala a pa katoni ndi a chinthu chatsopano chogwiritsidwa ntchito mosamala, Edge 530 amati maola 20, Wahoo Bolt yachiwiri maola 15, koma mukayatsa mapu, kuwala ndi masensa atatu amatsika, ndipo batire la zaka zinayi silingafike pamenepo. Pemphani mwiniwake aitchaje idzaze, muiyatse panja iyambe kulemba ulendo kwa ola limodzi muone maperesenti angati apita, mudziwiratu ngati ingakufikitseni madzulo. Muli panja pomwepo onani ngati ikugwira masatelayiti msanga, dinani batani lililonse, gwedezani chingwe chotchajira chili m'malo mwake muone ngati chikudukiza. Tengani masensa anu mukawalumikize pamaso pake.

Kenako itembenuzeni muone timakutu tiwiri tapulasitiki timene timalowa mu chomangira cha pa handulo mukaipotoza. Timeneti ndi timene timayamba kuthyoka, kakang'aluka kamodzi kompyuta idzauluka pa bampu yoyamba. Chomangira cha Garmin ndi cha Wahoo zimaoneka zofanana koma si chimodzi, nde akupatseni chake chenicheni, ndipo ngati ili ndi kachingwe kokolowekera pa handulo muzikamanga ulendo uliwonse. Mwiniwake aichotse pa akaunti yake ndipo muifufute yonse iyambe ngati yatsopano, muli maulendo ake ndi pamene amakhala mmenemo.

Zimenezi zandikumbutsa china chimene simunafunse koma chikukhudzani inu ndi ana anu. Ulendo uliwonse umene mumatumiza pa Strava umayambira pa khomo panu nkuthera pomwepo, ndipo ukakhala poyera aliyense atha kuona nyumba, njinga imene muli nayo ndi nthawi imene mumachoka. Mu 2018 mapu a Strava osonyeza kumene anthu amathamanga anaulula ngakhale malo a asilikali. Musanatumize ulendo woyamba lowani mu zosintha za chinsinsi, bisani poyambira ndi pothera, ndipo sankhani kuti maulendo anu aziona okhawo amene mwawalola.